Mafuta pachiwindi: mugule makapisozi a omega-3 kapena ayi?

Achemwali, mwati sikani yaonetsa mafuta pachiwindi ndiye anzanu akukuuzani kuti mugule makapisozi a omega-3, mukufuna kudziwa ngati amachiritsa. Ine ndingoti musathamangire ku famase kaye. Omega-3, mafuta opezeka kwambiri mu nsomba, amathandizadi, amatsitsa mafuta a m'magazi aja adokotala amati ma triglycerides, komanso kwa ena mafuta a pachiwindi amachepako, koma chiwindi chikayamba kutupa kapena kuchita zipsera makapisoziwo sanaonetse kuti amabweza, n'chifukwa chake madokotala a chiwindi sawatenga ngati mankhwala a matendawa.

Ndiyeno botolo lenilenilo muziliwerenga kumbuyo. Kutsogolo amalemba 1000mg mwa zilembo zikuluzikulu koma ambiri otchipa aja muli EPA 180mg ndi DHA 120mg basi, ndipo ziwirizi ndiyo mitundu ya omega-3 yomwe imagwira ntchito, enawo ndi mafuta chabe. Cod liver oil, mafuta a chiwindi cha nsomba aja, yekha ndiye musiyeni, ali ndi vitamini A wambiri ndipo akachuluka amavulaza chiwindi chomwe mukufuna kupulumutsacho. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin funsani adokotala musanayambe.

Ndalama imeneyo bola mugule nsomba. Usipa, matemba, kapenta, kalapawu, ngakhale ma pilchards a m'chitini, kawiri pa sabata. Koma aphikeni ndi tomato ndi anyezi, osati kuwamiza mu poto wodzadza mafuta mpaka aume gwa ngati tchipisi, pamenepo mwangozungulira. Soya naye ali ndi omega-3 koma wa mtundu wina wotchedwa ALA, thupi limangosintha pang'ono pokha kukhala EPA ndi DHA. Mtedza ndi mafuta a mpendadzuwa muli mafuta a mtundu wina otchedwa omega-6, sizoipa ayi, kungoti timadya kale zambiri, ndipo mtedza wa chuku uja tayani ndithu, poizoni wake amalunjika kuchiwindi.

Chomwe chimasintha zinthu kwenikweni ndi sikelo, ndikudziwa sizosangalatsa kumva. Mukatsitsa 7 mpaka 10 peresenti ya thupi lanu chiwindi chimayamba kubwerera, ndiye ngati muli 90kg tikukamba za 6 mpaka 9kg, pang'onopang'ono kwa miyezi, osati kudzimana chakudya sabata imodzi kenako kubwezera. Fanta, Sobo, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi m'mawa uliwonse, chiwindi chimasandutsa shuga ameneyu kukhala mafuta. Nsima sindikuti musiye, tingafe, koma mitanda itatu ikhale umodzi ndi theka, ya mgaiwa, masamba achuluke m'mbale. Mowa ngati mumalawako siyani kaye. Yendani wapansi mphindi 30 masiku ambiri, mwachangu ndithu mpaka kathukuta.

Mukabwerera kuchipatala pemphani akuyezeni shuga, BP, ALT (yoonetsa ngati chiwindi chikuvulala) komanso matenda a chiwindi a Hepatitis B, chifukwa kwathu kuno alipo ambiri ali nayo osadziwa ndipo ikakumana ndi mafutawa chiwindi chimaonongeka msanga. Za mabotolo a zitsamba "otsuka chiwindi" omwe muyambe kutumiziridwa ku inbox mukangolemba funso ngati ili, chonde musagule, simudziwa zomwe athiramo. Makapisozi mudzamwe pokhapokha adokotala ataona kuti ma triglycerides anu akwera, ndipo mlingo wake akuuzeni iwowo.