Aloweza zonse, koma akafunsidwa amangoti kakasi

Mayi wina amene amaphunzitsa kalasi ya achinyamata ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti: "Ana anga amanena Chikhulupiriro cha Atumwi osaphonya liwu, Malamulo Khumi ali pamtima. Koma mnyamata wina atafunsa kuti ngati Mulungu ndi wamphamvu zonse analoleranji madzi kukokolola nyumba yawo, kalasi yonse inangoti zii, ine ndemwe. Ndiwaphunzitse bwanji kuti amve zimene amanenazo?"

Amayi, kulowezako musakunyoze. Madzi akalowa m'nyumba usiku, Baibulo limapita limodzi ndi mphasa, koma zapamtima munthu amakwera nazo mumtengo. Pamene timalakwa m'pakuti mwana akangolakatula bwino timamulemba kuti wakhoza, n'kumupereka kwa abusa.

Mnyamata wanuyo sanakusokonezeni. Wakulozerani poyambira, chifukwa funso lake lili pa mzere woyamba weniweni wa Chikhulupiriro. Ana a kuno kuchigwa akula akuona madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022, kenako a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ena agonapo m'makalasi asukulu, m'makampu. Mawu oti "wamphamvu zonse" sawamva ngati mwana wokulira pamtunda.

Mukakumananso, tsegulani Luka 13. Nsanja ya ku Siloamu inagwa n'kupha anthu 18, ndipo Yesu anafunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti ayi. Ndimeyi ndimaikakamira chifukwa alaliki ena, madzi akangophwa, amayamba kunena kuti chigwa chathu chikulangidwa. Mwana amene wataya mng'ono wake akamva zimenezo amaganiza kuti kwawo kuli tchimo lobisika. Muuzeninso zooneka ndi maso: ife tili kunsi, mvula ya ku Mulanje ndi Thyolo imatsika ndi Ruo kudzathira mu Shire, ndipo mapiri akametedwa mitengo madzi amabwera ndi mchenga wotseka mitsinje. Zikatsala zina zokukanikani, nenani kuti zakukanikani. Yobu naye sanauzidwe chifukwa cha mavuto ake.

Kuchokera pamenepo pitani pa mawu oti anasautsidwa kwa Pontiyo Pilato. Afunseni: dzina la munthu wankhanzayu likufunanji m'mawu amene timanena Lamulungu lililonse? Pilato anali bwanamkubwa wa Aroma ku Yudeya kuyambira cha m'ma 26 mpaka 36. Dzinalo lilipo kuti tidziwe kuti iyi si nthano ya padangokhala, zinachitika pamalo odziwika, m'nthawi yodziwika. Ndipo Mulungu amene tikumutcha wamphamvuyo analawa ululu ndi imfa. Mnyamata wanu angathe kugwira pamenepo.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanamatenga mzere umodzi basi pa sabata, Baibulo lili chitsegulire. Auzeni kuti zimene mizereyi imanena mpingo unazitsimikiza m'mikangano. Mu 325 mabishopu anasonkhana ku Nicaea chifukwa wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Yesu, Mwana wa Mulungu, analengedwa, sali wofanana ndi Atate. Funso lomwelo ana anu amakumana nalo kusukulu ndi pamsika wa Ngabu pocheza ndi anzawo a zipembedzo zina. Akadziwa kuti mpingo unalimbana nalo kalekale, sanjenjemera.

Za Mbona, amene ena kuno amamupembedza popempha mvula, musazizembe. Kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje alipo, ndipo ana ena ali ndi agogo amene amati mvula ikavuta kumeneko n'kokadandaula. Mukangoti "zachikunja zimenezo" mwana amatseka pakamwa, n'kusunga zonse ziwiri mumtima mosaziyerekeza. Mufunseni zimene agogo amanena, mumve, kenako muwerengere limodzi Mateyu 5:45 ndi 1 Timoteyo 2:5, za Wogwetsa mvula ndi za mkhalapakati mmodzi. Mwana aphunzire kusiyana maganizo ndi agogo ake popanda chipongwe.

Chilankhulonso. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo mawu ngati "chiyanjanitso" ngakhale akulu amawavuta, nanji mwana amene kunyumba amalankhula Chisena. Mukawerenga, mmodzi afotokoze vesilo m'mawu ake, m'Chisena kapena m'Chimang'anja. Akalephera kulinena m'chilankhulo cha pakhomo, ndiye kuti sanalimve.

Atsikana makamaka safunsa pagulu. Ikani chitini pakhomo, aliyense aponyemo funso papepala losalemba dzina. Mudzapezamo za madzi odzozedwa amene aneneri amagulitsa, za maloto, za ufiti, za chibwenzi. Pa za aneneriwo aonetseni anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11, amene ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku ngakhale wolalikira anali Paulo. Sankhani pepala limodzi sabata iliyonse, mukalikonzekere kunyumba, ndipo lokulirani msinkhu mupite nalo kwa abusa kapena mkulu wa mpingo abwere adzayankhe yekha pamaso pa anawo.

Koma mnyamata uja musadikire chitini. Mukamuone kwawo sabata ino, mufunse kuti madziwo anafika nthawi yanji ndiponso anathawira kuti.