Kwa achemwali amene mtsikana wawo akufuna chipatala cha kumudzi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, loti mtsikana wanu wamaliza internship, ntchito yoyamba ya dokotala watsopano moyang'aniridwa, kwathu ku Malawi ndiye m'malo mofuna za opaleshoni kuti adzakhale ku Blantyre kapena abwere kuno ku Joni akuti iye akufuna family medicine, udokotala woona matenda osiyanasiyana a ana ndi akulu omwe, akakhale pa chipatala cha pa boma, ndipo mukufunsa ngati mumuletse poti munavutika naye ndi ma randi a fizi. Ine ndikuti musamuletse, ndipo ululu wanu ndikuumva chifukwa nanenso ndinalirapo nkhani yomweyi.

Ine si dokotala ayi, ndimasamalira agogo ena ku Randburg ndipo ndimakhala ku Rosettenville, koma mng'ono wanga anadutsa ku College of Medicine, ija inatsegulidwa mu 1991 imene pano ili mu yunivesite ya za umoyo ya KUHeS kuyambira 2021. Akulowa ankanena kuti adzakhala dokotala wa mtima, ifenso tinkanyadira pakhomo ponse. Zinasintha atawatumiza ku Mangochi. Anandiimbira foni usiku wina mawu akunjenjemera, akuti anabwera mayi wa mimba atamunyamula pa ngolo kuchokera kutali, chitenje chonse magazi, apongozi ake atagwira tochi ya pa foni, ndiye dokotala amene ankawaphunzitsa pamodzi ndi kilinikolo ofesa anathamanga naye ku fiyeta kukapanga siza mwana ndi kutuluka wamoyo, kutacha dokotala yemweyo anali ku wodi ya ana pa malungo, masana akumanga pulasitala mwendo wa mnyamata wogwa pa kabaza, madzulo akukambirana ndi agogo za shuga ndi BP mu Chiyao. Mng'ono wangayo anangoti, achemwali ine ndikufuna kukhala ngati ameneyu. Basi za mtima zinathera pomwepo.

Ndiye mukaona dokotala wasankha mbali yake, kawirikawiri pali munthu amene anamuona akugwira ntchito namukopa. Ena amawerengera tulo, chifukwa wa azimayi oyembekezera ndi wa opaleshoni amadzutsidwa usiku uliwonse pomwe wa khungu kapena wa maso nthawi zambiri amagona kwawo. Ena ndalama za pulayiveti, zimenezo tisabise. Komanso malo ophunzirira ndi ochepa, ndipo poti mukuganiza zoti abwere kuno dziwani kuti madokotala ambiri ochokera maiko ena amalowa ngati supernumerary registrar, kutanthauza kuti amagwira ntchito mu zipatala zophunzitsira zaka 4 kapena 5 boma la kuno osawalipira, amadalira sikolashipu kapena abale, ndiye lendi ya Joni mukuidziwa nokha, mwinanso mungakhale inuyo womulipirira. Pamwamba pake pali mapepala a HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno, amene satuluka lero ndi lero.

Zokhazikika kumudzizo, ngakhale kuno South Africa akulimbana nazo. Mu 1998 anayambitsa community service, dokotala aliyense watsopano chaka chimodzi kumene boma lamutumiza, anaikanso rural allowance, ndalama yowonjezera ya ogwira ntchito kumudzi, koma ambiri chaka chikatha amanyamula zikwama kubwerera ku Gauteng kapena Cape Town. Amene amakhalitsa kwambiri ndi ana obadwira konko. Ku Mosvold Hospital ku Ingwavuma, KwaZulu-Natal, Dr Andrew Ross anayamba mu 1999 kuthandiza ana a m'midzi yozungulira kuti akaphunzire za chipatala adzabwerere kudzagwira kwawo, pano ndi Umthombo Youth Development Foundation. Mwana wokulira kumudzi sadabwa ndi fumbi kapena madzi a pa mjigo, amamva chimene wodwala akutanthauza akati m'mimba mukuyenda chinthu, ndipo pa maliro anthu amamudziwa kuti ndi mwana wa uje. Mtsikana wanu ngati anakulira kwa agogo ake inu muli kuno, musadabwe kuti mtima ukumukokera komweko.

Sindikunamizani kuti ndi zophweka. Mng'ono wanga wandilirirapo pa WhatsApp magetsi atazima jenereta ilibe mafuta, mankhwala atatha, ambulansi ilipo imodzi yokha, ndipo tsiku lina anataya wodwala chifukwa magazi oti amuike kunalibe, sanadye masiku awiri. Sukulu ya ana ndi ntchito ya bambo a kunyumba ndi zimene zimachotsa madokotala ambiri m'maboma, osati kudana ndi anthu ayi. Koma family medicine si udokotala wotsalira monga ena amanenera, ndi ukatswiri wa zaka 4 ngati enawo, kuno anauvomereza mu 2007, kwathunso amaphunzitsira ku Mangochi ndi ku Nkhoma.

Chimene ndingakupempheni, mukamuimbira musayambe ndi za ndalama. Mumufunse kuti kumene akufunako kuli dokotala wamkulu woti azimuongolera, nyumba ampatsa, nanga pa call, poyembekezera kuitanidwa usiku, azikhala kangati pa sabata, chifukwa mwana akakhala yekhayekha pa chipatala amatopa msanga. Ndipo mukapita kumudzi Disembala uno mukakwere minibasi mukafike pa chipatalapo, mukhale pa benchi ya OPD, pofikira odwala osagonekedwa, m'mawa umodzi wokha muone mmene azimayi obereka ana kumbuyo akumuitanira dzina.