Ayi achemwali, tablet musagule kaye

Achemwali ena andilembera imelo, akuti angoyamba kumene pixel art, kujambula pa kompyuta poika timabokosi ting'onoting'ono (ma pixel) kamodzikamodzi, ajambula kamunthu ka 64x64 (ma pixel 64 m'litali ndi 64 m'lifupi) koti kakhale mu game yawo koma akakayendetsa miyendo yokha ndi imene imagwedera thupi lili chiimire ngati wina akukakoka ndi chingwe, ndiye akufunsa ngati agule drawing tablet, kachipangizo kojambulira pa kompyuta ndi cholembera, poti mwina mouse ndi imene ikuwalepheretsa. Achemwali, ndalama zanuzo sungani. Funso lanu landikhudza chifukwa ndawonapo anthu aluso ndithu akusiya kujambula ati mpaka adzapeze chipangizo chabwino, osabwereranso.

Ine ndinakulira pa ma TV game a cartridge zachikasu aja, zolembedwa kuti muli magame 999 pomwe enieni ndi ochepa ongobwerezabwereza. Kwathu kunalibe, timapita kwa aneba, kukhala pa simenti kudikira mpata, ndipo anzanga akamalimbirana pad ine ndimasendera kufupi ndi TV mpaka mayi ake a mnzanga kundikalipira kuti iwe maso akowo aonongeka. Chimene ndimafuna ndi kuona timabokosi timene tapanga Mario. Ndikafika kunyumba ndimatenga kope la masamu la timabokosi lija nkumadetsa bokosi limodzilimodzi ndi bolopeni, kuwerenga kuti chipewa chayamba pa bokosi lachingati, mphuno yatuluka mabokosi angati. Mawa lake kubwereranso kukayang'ana phazi. Kompyuta ndinadzaigwira patapita zaka, Paint yokha, zoom mpaka mapeto, mouse ya kampira kunsi ija yofuna kupukuta fumbi kawirikawiri, koma dzanja linali litadziwa kale kuti pixel iliyonse umaiika mwadala. Pixel art simukoka mzere ngati wa pensulo, mumadina, ndipo kudina mouse imatha bwinobwino.

Taonani Mario yemweyo. Mu Super Mario Bros ya 1985, Mario wamng'ono uja amakwana mu 16x16, mitundu itatu yokha, chifukwa NES, makina a TV game a Nintendo, samalola sprite (kachithunzi koyenda mu game) kupitirira mitundu itatu, osawerengera malo opanda mtundu. Shigeru Miyamoto, yemwe anapanga Mario, anamuveka chipewa kuyambira mu Donkey Kong ya 1981 chifukwa tsitsi linali lovuta kulijambula ndi kuliyendetsa, ndevu za pamlomo zinathandiza kuti mphuno ioneke popanda kujambula kamwa, ovololo nayo inali yoti mikono isiyane mtundu ndi thupi kuti akamathamanga izioneka ikugwedera. Kuyenda kwake ndi ma frame atatu basi, zithunzi zitatu zosinthanasinthana. Game Boy ya 1989, kamakina ka magame ka m'manja, sikirini yake yonse inali 160x144 ya mithunzi inayi, ndipo Pokémon ya 1996 timaanthu take tinali 16x16 nato, dziko lonse linatikonda.

Tsopano werengani zanu. 16x16 ndi ma pixel 256. 64x64 ndi 4,096. Mukafuna ma frame 8 oyenda ndiye 32,768, mbali imodzi yokha, musanajambule akuyang'ana kumbuyo kapena kutsogolo. Ndinena mosabisa, munthu woyamba kumene sayenera nkomwe kukhudza 64x64, ndipo ma video ambiri a pa YouTube oonetsa munthu akujambula chimsilikali chachikulu mothamangitsa pa mphindi zochepa amaononga oyamba kumene kuposa kuwathandiza, amakumalizirani bundle nkukusiyani mukudziona ngati simutha. Pa sprite yaikulu cholakwika chimabisala, simudziwa ngati vuto ndi bondo kapena chiuno kapena mthunzi. Pa 16x16 mukasuntha pixel imodzi nkhope yonse yasintha ndipo mwaona pompo chifukwa chake.

Komanso izi zotenga chithunzi nkuchiika filter kapena kuuza AI kuti ipange ndiye muzitcha pixel art, ayi. Tachitani zoom muone, timabokosi tina tatikulu tina tating'ono, mitundu mazanamazana yosiyana pang'onong'ono, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuti kamunthuko kakweze mwendo mudzapeza palibe poyambira. Eric Barone anapanga game ya Stardew Valley yekha, zithunzi, nyimbo, code, zaka zoposa zinayi mpaka inatuluka 2016, ndipo zithunzi za anthu ake anazijambulanso kambirimbiri dzanja likamapita patsogolo. Njira yake ndi imeneyo.

China chimandiwawa ndi munthu kuvutika usiku wonse kenako nkutumiza pa WhatsApp ka JPG kosaoneka bwino. Sungani PNG, kulitsani 400% kapena 800% ndi nearest neighbor (njira yokulitsira yosiya timabokosi tikuoneka bwinobwino), tumizani ngati document, magif nawonso chimodzimodzi.

Nanga kamunthu kanuko

Vuto lake ndi loti thupi silikukwera ndi kutsika. Khalani pakhonde muone munthu akudutsa mumsewu, miyendo ikatambasuka mutu umatsika, ikakumana pakati mutu umakwera. Ndiye jambulaninso pa 16x16, mitundu inayi, mutha kutenga palette (gulu la mitundu) yokonzakonza pa webusaiti ya Lospec. Ma frame anayi, loyamba miyendo yatambasuka thupi lonse latsika ndi pixel imodzi, lachiwiri yakumana thupi lakwera, lachitatu mwendo wina uli kutsogolo, lachinayi yakumananso. Mkono wamanja uzipita kutsogolo limodzi ndi mwendo wamanzere, mwendo wakutali muupatse mtundu woderako kuti diso lisasokonezeke, yatsani onion skin muziona frame yapita, frame iliyonse ikhale cha m'ma 120 mpaka 150 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Kakamatsetserekabe mu game ndiye kuti liwiro la mu code laposa mmene phazi likubwerera mmbuyo, chepetsani liwiro la mu code kapena fulumizitsani phazilo. Kunena za mapulogalamu ojambulira, Piskel ndi yaulere pa browser, LibreSprite ndi Pixelorama nazonso zaulere ndipo zimagwira popanda intaneti, pa foni kuli Pixel Studio, Aseprite ndi yabwino kwambiri koma ndi yogula cha m'ma $20 ndipo ingadikire. Ma tutorial aafupi a Pedro Medeiros, yemwe anajambula nawo game ya Celeste, ndi magif ang'onoang'ono osadya bundle, yambani ndi amenewo. Kakayamba kuyenda bwino munditumizire ndikaone, 32x32 tidzakambirane pamenepo.