Colleague si mnzako aliyense ayi, achemwali

Achemwali mwafunsa kuti mawu oti colleague amatanthauza chani kwenikweni ndipo mungawaike bwanji mu sentensi, poti kuntchito komwe mwangoyambako aliyense akumangowatchula ndipo inu mukuopa kuphonya pagulu. Ena akuyankhani kale kuti "ndi mnzako basi", ndipo ine ndikufuna ndikhazikike pomwepo chifukwa yankho limeneli ndi lomwe limasocheretsa anthu ambiri.

M'Chichewa mawu oti mnzanga ndi otakata zedi, amene munakulira naye limodzi ndi mnzanu, wa kusukulu ndi mnzanu, olo amene mwangokhala naye pafupi pa mzere mutha kunena kuti mnzangayu. Colleague sali choncho. Ameneyu ndi munthu amene chakukumanitsani ndi ntchito basi, kaya mumagwirizana kaya moni weniweniyo mumapatsana mokakamizika, iye ndi colleague ndithu. N'chifukwa chake mzungu amatha kunena kuti "She is a colleague, not a friend" ndipo sanatukwane munthu, wangonena kuti timadziwana za kuntchito zokha. Wa m'kalasi mwanu ndi classmate, amene munatsegula naye bizinesi n'kumagawana phindu ndi business partner. Ndimamva ana asukulu akunena kuti "my colleagues in class" ndipo zimandiwawa ndithu chifukwa palibe anawauza, iwo amaona ngati ndi chizungu chapamwamba chotchulira anzawo.

Katchulidwe kaye musanapite patali. Mphamvu ili poyambirira, KO-liig, ndipo g wakumapetoyo ndi wa galu, osati j. Mukatchula ndi j mwanena college, koleji ija yophunzirako, ndiye "I had lunch with my college" imamveka kuti munadya ndi sukulu yonse. Polemba kumbukirani kuti amathera ngati league, u ndi e akumapetowo samveka koma alipo. Mawu awiriwa kufananaku si ngozi, onse ndi ochokera ku Chilatini, collega ndi collegium, ndipo colleague analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 kudzera ku Chifalansa.

Tsopano masentensi amene mudzawafune tsiku ndi tsiku. Kwabwera mlendo muofesi, mukufuna kumuonetsa munthu wa pa desiki ina, mungoti "This is my colleague" kenako dzina lake, zatha. Kasitomala waimba foni nkhani yake si ya mbali yanu, "Let me transfer you to my colleague" kapena "My colleague will call you back". Mukufotokoza kunyumba za munthu amene omverawo sakumudziwa, "A colleague of mine told me about it", apa simunatchule dzina ndipo zikumveka bwino kuposa "my colleague" chifukwa my yo nthawi zina imamveka ngati muli naye mmodzi yekhayo.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi pa one of. Timanena kuti "One of my colleagues is on leave", colleagues wa s chifukwa mukutola mmodzi pagulu la ambiri, koma is osati are chifukwa amene ali pa tchuthiyo ndi mmodzi. Ambiri amalemba "one of my colleague" ndipo ndimaziona mpaka m'makalata ofunsira ntchito, chinthu chaching'ono koma wowerenga kalatayo amachiona nthawi yomweyo. Chimodzimodzi "We are colleagues", s asasowe, ndipo kwa mmodzi musasiye a kapena my, "He is colleague" ndi sentensi yopunduka.

Timawu totsatira take n'tosavuta. At ndi wa malo antchito, "a colleague at the bank". In ndi wa dipatimenti, "my colleagues in accounts". From mukamafotokoza komwe munadziwana, "a colleague from work". Amene munkagwira naye kale ndi "a former colleague".

Nanga bwana? Apa samalani pang'ono. Galamala siikuletsani kumutchula bwana wanu colleague, koma m'maofesi ambiri mawuwa amamveka kuti muli pa mlingo umodzi, ndiye inu amene mwangolowa kumene ndi bwino munene "my manager" kapena "my supervisor". Koma bwanayo akakutchulani inu "my colleague" pamaso pa alendo, dziwani kuti wakupatsani ulemu, wakukwezani kuti ndinu mnzake pantchito osati wantchito wake, ndipo ine ndimawalemekeza kwambiri mabwana otere. Ku UK masitolo ena akuluakulu antchito awo onse amawatchula colleagues pa chifukwa chonga chomwechi.

Chinanso chomwe chimandisangalatsa ndi mawuwa n'choti safuna kuti mukhale pa kampani imodzi. Dokotala wa chipatala china akamanena za dokotala wa dziko lina amene sanaonanepo naye n'komwe amatha kunena kuti "our colleagues abroad", poti ntchito yawo ndi imodzi, aphunzitsi, maloya, manesi ndi atolankhani amateronso. Coworker sangagwire pamenepa, ameneyo ndi wa malo amodzi antchito basi ndipo amamveka kwambiri ku America. Workmate ndi wa ku Britain ndi ku Australia, wocheza, woyenera pa macheza osati mu lipoti. Mukakayika kuti nditenge uti, tengani colleague, amalowa paliponse, pa miting'i, mu imelo ngakhale pa intavyu.

Za imelo, mukamalembera gulu lonse yambani ndi "Dear colleagues" ndipo mwalemekeza aliyense kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Koma "my fellow colleagues" isiyeni, fellow yo akungobwereza zomwe colleague wanena kale, ambiri amaikonda pa masipichi koma colleagues payekha ndi wokwana. Komanso si mawu oitanira munthu mmodzi, simungaime pakhomo la ofesi n'kukuwa kuti "Colleague, come here", muitaneni ndi dzina lake kapena udindo wake.

Poti mwati mukuopa kuphonya, yambani ndi atatu okha sabata ino, "This is my colleague", "One of my colleagues" ndi "Dear colleagues", muwatchule mokweza muli nokha mpaka g uja akhazikike pa lilime. Enawo muziwatola pomvetsera mmene akuluakulu a muofesi mwanumo akuyankhulira pa foni ndi pa miting'i.