Mafunso a Owerenga: Ndiyambire pati kuphunzitsa ana za nyama zakuthengo?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kalasi 5 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Angónia, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 7. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ana anga amadziwa njovu ndi mkango pa zithunzi za m'buku zokha, pamene mbalame iliyonse yotera pafupi ndi sukulu amaiponyera legeni, ndipo akaona bilimankhwe amamugenda mpaka afe. Ndikufuna kuti azikonda zamoyo zakuthengo, koma ine mwini sindinaziphunzire mozama, komanso sukulu yathu ilibe ndalama za ulendo wopita kumalo osungirako nyama. Kodi maphunziro otere ndingawapeze kuti, nanga ndiyambire pati? Ndine mphunzitsi, Angónia.

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti chilolezo chophunzitsira zimenezi muli nacho kale. Kuyambira m'chaka cha 2004, ndondomeko ya maphunziro a pulayimale m'dziko lathu la Mozambique imapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzitsa kuti akhale a currículo local, ndiko kuti zinthu za m'dera limene sukulu ili. Mbalame, tizilombo ndi mitengo ya ku Angónia zikukwanira bwino lomwe m'gawo limeneli, choncho mukakakambirana ndi mkulu wa sukulu yanu simukapempha chachilendo.

Za maphunziro anu, ine ndikuona kuti malo oyambirira ndi msonkhano wa ZIP (Zona de Influência Pedagógica, ndiko kuti gulu la sukulu za m'dera limodzi), pamene aphunzitsi a sukulu zoyandikana amakumana kale n'kumathandizana pa kaphunzitsidwe. Pemphani kuti msonkhano umodzi uchitikire panja, ndipo muitaneko mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wochokera ku boma, pamodzi ndi agogo awiri kapena atatu amene anakulira kuubusa ndi kuuzimba. Ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, kulinso nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze, ndipo kalata yaulemu yopempha kuti wina adzayende nanu m'thengo tsiku limodzi siwononga kanthu. Chofunika pa tsikulo n'chakuti aphunzitsi aphunzire kupenya ndi kufunsa, chifukwa munthu sangaonetse mwana chinthu chimene iye mwini amangochidutsa tsiku ndi tsiku.

Tsono ndifike pa mwana woponyera mbalame legeni, pakuti mpamene pagona nkhani. Mwana ameneyo si mdani wa ntchito yanu. Iye amadziwa mtengo umene njiwa zimagona, nthawi imene pumbwa amabwera kudzadya mapapaya, ndiponso kusiyana kwa kulira kwa timba ndi kwa mpheta, zinthu zimene buku la kalasi silinena. Mukamulanda legeni n'kumukalipira, mwataya katswiri wanu. Mupatseni udindo wotsogolera anzake, mum'patse kope ndi pensulo, ndipo mumuuze kuti kwa mphindi 15 m'mawa uliwonse gulu lake lizikhala chete pansi pa mtengo umodzi womwewo n'kumalemba dzina la Chinyanja la mbalame iliyonse imene yatera, chimene ikudya, ndi tsiku lake. Pakatha miyezi ingapo kopelo limayamba kuyankhula lokha. Ana adzaona kuti anamzeze ena amachuluka mvula ikayandikira, cha mu Okutobala ndi Novembala, n'kuzimiririka cha mu Epulo, ndipo pamenepo m'pamene mungawauze kuti ena mwa iwo amauluka kuchokera ku Ulaya chaka chilichonse. Mwana amene wadziwa ulendo wa kambalame kotere amayamba waganiza asanakoke legeni.

Chitaninso chimodzimodzi ndi nyama zimene anthu amaziopa. Bilimankhwe alibe ululu, ndipo mukamusiya pa nthambi ana n'kuima patali pang'ono, adzaona maso ake akuyang'ana mbali ziwiri zosiyana, kenaka lilime likutuluka mwadzidzidzi kugwira chiwala. Kadzidzi, amene ambiri amamutchula pa nkhani za ufiti, amadya makoswe ndi mbewa zimene zimatha chimanga m'nkhokwe. Apa muyende mosamala, aphunzitsi, osanyoza zimene makolo amakhulupirira, chifukwa mwana akakanena kunyumba kuti aphunzitsi akuti agogo ndi abodza, ntchito yanu yathera pomwepo. Ingoonetsani anawo timibulu ta ubweya ndi mafupa timene kadzidzi amalavula pansi pa mtengo umene amagona, atiphwanye ndi kamtengo, awerenge okha timitu ta mbewa tili m'katimo. Ndi njira yomweyi mungafike pa nkhani yotentha tchire posaka mbewa m'chilimwe, powatengera pamalo opserera kuti akaone zisa ndi tizilombo zimene zapsera limodzi ndi udzu.

Za nyama zikuluzikulu, chigawo chathu cha Tete chili ndi paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013 kum'mwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, m'dera limene ntchito ya Tchuma Tchato inayambira mu 1994 pofuna kuti anthu a m'midzi azipindula ndi nyama zimene akukhala nazo pafupi. Kuchokera ku Angónia ndi kutali ndithu, koma nkhani yake ndi yoyenera kuti ana aimve, ndipo mungalembere oyang'anira pakiyo kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu kupempha zithunzi ndi timabuku. Powauza za kumeneko musabise kuti njovu zimawononga minda ndiponso kuti ng'ona ndi mvuu zimapha anthu mu Zambezi, popeza chikondi chimene mukufuna kudzala mwa iwo chiyenera kuyendera limodzi ndi kusamala.

Kusamala komweko kuyambire pa sukulu panu. Musanatuluke nawo, gwirizanani kuti palibe wopisa dzanja kuuna kapena m'chulu, palibe wogwira njoka ngakhale ikuoneka ngati yakufa, ndipo chisa chilichonse achione ndi maso okha. Gulu lisapitirire ana amene mungawaone onse nthawi imodzi, ndipo ngati kalasi yanu ndi yaikulu, muwagawe kuti azituluka mosinthana masiku, kopelo likuyenda kuchoka pa gulu lina kupita pa linzake.