Kodi Malaika anapeka ndani?

Mayi wina wa ku Mufakose, ku Harare, wanditumizira imelo. Akuti pa ukwati wa mng'ono wawo oimba anaimba Malaika, ndiye amalume awo awiri anatsutsana mpaka nsima kuzizira. Wina ankati ndi nyimbo ya Miriam Makeba, winayo ankati ndi yamakolo, yopanda mwini. Akufunsa kuti walondola ndani.

Amayi, onse awiri aphonya. Makeba anangoitchukitsa, makamaka ataiimba ndi Harry Belafonte pa chimbale cha mu 1965. Mawu ake ndi a Chiswahili, ndipo dzina limene limalembedwa kawirikawiri ndi la Fadhili William wa ku Kenya, yemwe anaijambula ku Nairobi. Koma Adam Salim wa ku Tanzania ankanenetsa kuti anaipeka ndi iye mu 1945, atakanizidwa kukwatira mtsikana amene ankamukonda chifukwa chosowa chuma. Mukamvetsera bwino, ndi zomwe nyimboyo ikudandaula. Anthu amatsutsanabe mpaka lero, poti masiku amenewo amene wayamba kulowa mu situdiyo ndiye ankatengedwa ngati mwini.

Kaimbidwe kofatsa ka gitala ka mu Malaika wa Fadhili William kali ndi mizu ku Congo. Mu 1952 Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anajambula nyimbo za Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga akukodola gitala yamatabwa ndi zala, ndipo anyamata a ku Nairobi anatengera kakodoledweko. Zimbale za ku Kenya zitayamba kufika kuno ku Zimbabwe, zinabala nyimbo zathu zotchedwa sungura ndi kanindo. Dzina loti sungura, lomwe pa Chiswahili ndi kalulu, linali chizindikiro cha kampani pa zimbalezo, ndipo kanindo ndi dzina la munthu, Oluoch Kanindo, wojambulitsa nyimbo wa ku Kenya. Ana a Amalawi obadwira m'mafamu ndi m'migodi anaigwira sungura ndi manja awiri. Nicholas Zakaria wa Khiama Boys ndi Alick Macheso, amene ankaimba besi m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, analowetsamo ngakhale Chichewa chathu.

Apa mpamene pamandiwawa. Mu nyimbo zotere, chimene chimakugwira mtima nthawi zambiri si mawu ayi, ndi kamzere ka gitala koyambirira kaja, kamene ukangokamva mu kombi umadziwa kale nyimbo yake. Nanga anakapeka ndani? Malume anga ankaimba lidi m'gulu lina ku Highfield. Ankakhala pakhonde usiku wonse kusakasaka kamzere kamodzi, zala zitachita zikanga. Kaseti itatuluka, panalembedwa dzina la mwini zida yekha. Iwo anapatsidwa ya tsiku limenelo basi, ndipo anamwalira nyimboyo ikulirabe pa wailesi.

Nchifukwa chake anyamata akandifunsa ndimawauza kuti agwirizane papepala asanalowe mu situdiyo, wamawu ndani, wanyimbo ndani, kenako akalembetse ku ZIMURA, bungwe loona za umwini wa nyimbo kuno ku Zimbabwe, kapena ku linzake la COSOMA ngati ali kumudzi ku Malawi. Mabungwewa amapereka ndalama kwa amene dzina lake lili m'kaundula.

Amalume anuwo muwapatse moni, amayi, ndipo muwauze kuti akadzakumananso atsutsane za Fadhili William ndi Adam Salim.