Mafunso a Owerenga: Kodi kuwala kungadziwe zimene zili mu mwala?

FUNSO: Mng'ono wanga amene akuphunzira za migodi anandiuza kuti pali makina onyamula m'manja amene akangounika mwala amatchula mtundu wake. Kodi zimenezi ndi zoona, ndipo makinawo angathe kuona golide ali pansi pa nthaka? Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mng'ono wanuyo wakuuzani zoona. Makinawo amatchedwa spectrometer, ndipo amagwiritsa ntchito cheza cha infrared, chimene maso athu sachiona ngakhale kuti khungu limachimva ngati kutentha mukakhala pafupi ndi mbaula. Anachitulukira ndi William Herschel m'chaka cha 1800, pamene anamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi n'kukhala mitundu ya utawaleza, n'kupeza kuti choyezera kutentha chinakwera kwambiri atachiika kunja kwa mtundu wofiira, pamalo pamene panalibe kuwala kooneka.

Mwala uliwonse unapangidwa ndi zimene akatswiri amati ma mineral, ndipo maatomu (tizidutswa tating'ono kwambiri timene timapanga chinthu chilichonse) ogwirana m'kati mwake amanjenjemera, gulu lililonse pa liwiro lakelake. Cheza chikagwa pa mwalawo, maatomuwo amameza gawo logwirizana ndi kunjenjemera kwawo n'kubweza lotsalalo, ndipo makina aja amayeza chobwereracho n'kujambula mzere wokhala ndi zigwa pamene cheza chasowa. Popeza cheza chimayenda ngati mafunde, malo a zigwazo amawayeza ndi kutalika kwa funde mu nanomita (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Madzi a mu mwala amasiya zigwa pafupi ndi 1400 ndi 1900, dongo loyera la kaolinite, longa limene limapezeka ku Linthipe m'boma la Dedza, limasiya zigwa ziwiri zoyandikana pafupi ndi 2200, pamene calcite ya m'miyala ya laimu imaonekera pafupi ndi 2340. Kompyuta imangoyerekeza mzerewo ndi mizere ya miyala yodziwika kale.

Kwa ine, phindu lalikulu la njirayi kwathu kuno lili pa miyala yokhala ndi zitsulo zapadera zotchedwa rare earth, monga ya ku phiri la Songwe ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka, pakuti neodymium, imodzi mwa rare earth zimenezi, imene imafunika popanga maginito amphamvu, imameza cheza pafupi ndi nanomita 740 ndi 800, ndipo katswiri angathe kuizindikira popanda kuswa kapena kusungunula mwalawo. Masetilaiti nawonso amaunika dziko motero, monga chipangizo cha ASTER chimene chinapita m'mlengalenga mu 1999, koma udzu ndi mitengo zimaphimba miyala, choncho zithunzi za nyengo yachilimwe ndizo zimathandiza.

Za golide, bambo, yankho ndi lakuti ayi, ndipo ndikutsindika chifukwa ndimamva chisoni anthu akamawononga ndalama zawo pokhulupirira zimenezi. Cheza cha infrared chimathera pamwamba penipeni pa mwala, sichilowa m'nthaka, ndiponso golide sasiya chigwa chilichonse pa mzere uja. Chimene akatswiri amachita ndi kufufuza dongo ndi ma mineral ena amene anapangika pamene madzi otentha ankadutsa m'miyala kalekale, chifukwa nthawi zina madzi omwewo ndi amene ankanyamula golide. Akapeza zizindikirozo amaboola pansi, n'kutumiza miyala ku labotale kuti ikapimidwe. Ngati muli ndi mwala umene ukukuchititsani chidwi, yambani mwafunsa ku nthambi ya boma ya Geological Survey imene likulu lake lili ku Zomba.